Kufufuza makolo a ku Ireland m'zikalata za malo: londolani munda ndi mwini wake

Funso lakuti makolo a ku Ireland tingawapeze bwanji landipeza pa ukwati, pa maliro, ngakhale pa WhatsApp pakati pa usiku. Wina anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Mayo ku Ireland, ana akula, ayamba kufunsa za kuchimuna kwawo. Wina ali ku Ndola kapena ku Johannesburg ndi dzina la ku Ireland limene anasiyiridwa ndi agogo aamuna omwe sanawaonepo. Onse amakakamira pamalo amodzi: afika cha m'ma 1860, kutsogolo kwangoti zii, ndipo wina wawauza kuti zikalata zonse za ku Ireland zinapsa. Ine ndinatha zaka zingapo ndikulondola mzere wa apongozi anga, choncho ndalemba zonse pano kuti wofunsa ndizingomulozera.

Zinapsadi, koma si zonse. Pa 30 Juni 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zikalata za boma ya Public Record Office ku Four Courts mu Dublin inaphulika n'kuyaka. Munali mabuku a kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851, mawilu ochuluka, ndi makaundula ambiri a mpingo wa Anglican wa Church of Ireland. Kalembera wa 1861 mpaka 1891 boma linali litawononga kale lokha. Koma mabuku a Registry of Deeds, ofesi yolembetsa zikalata za malo, anali kwina, ku Henrietta Street, ndipo moto sunawakhudze. Mabuku a lendi nawo anali m'nyumba za eni malo ndi kwa maloya awo.

Apa ndiye pagona nkhani. Mlimi wosauka wa ku Ireland wa m'ma 1800 sanasiye makalata, koma ankalipira lendi, ndipo wolandira lendi ankalemba. Amene anakhalako pa esiteti ya fodya akudziwa kuti buku salemba tenanti, amalemba ndi kalaliki wa bwana. Mukafuna kupeza kholo lanu, funsani kaye kuti linkakhala pa malo a yani.

1. Tsirizani zapafupi musanathamangire zakale

Boma linayamba kulemba kubadwa, imfa ndi maukwati a anthu onse mu 1864, ndipo maukwati a omwe sanali Akatolika anayamba kulembedwa mu 1845. Zithunzi za makaundula ambiri akalewa zili pa irishgenealogy.ie kwaulere. Kalembera wa 1901 ndi 1911 ali pa tsamba la National Archives of Ireland. Mabuku a ubatizo ndi ukwati a maparishi a Katolika, mpaka cha m'ma 1880, National Library of Ireland inawaika pa intaneti mu 2015. Pitani mwa zonsezi, ndipo pa chikalata chilichonse koperani malo amene alembedwa, ndi kalembedwe kake komweko.

Dzina la banja musalikhulupirire kwambiri. O' ndi Mac ankachotsedwa n'kubwezeretsedwa, kotero Sullivan ndi O'Sullivan akhoza kukhala munthu mmodzi. Ena anatembenuziratu dzina: Mac Gabhann anasanduka McGowan kwina, Smith kwina.

Kwa amene cholinga chanu ndi unzika kudzera mwa agogo obadwira ku Ireland: a Foreign Births Register, kaundula wa nzika zobadwira kunja, amafuna zikalata za boma za kubadwa, ukwati ndi imfa. Buku la lendi silingakuthandizeni kumeneko. Zimene zikutsatira apa ndi za wofuna kudziwa kumene anthu ake anachokera.

2. Pezani townland, popanda iyo musapitirire

Townland ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka malo ku Ireland, ndipo pachilumba chonse zilipo zoposa 60,000. Dzinalo lisakusokonezeni, si tauni. Ndi minda ndi nyumba zingapo zokhala ndi dzina limodzi ndi malire odziwika. Zina ndi maekala ochepa, za kumapiri zimafika masauzande. Munthu wakumudzi kumeneko ukamufunsa kwawo kwenikweni amatchula townland, monga ife timayambira kutchula mudzi tisanatchule boma. Ma townland angapo amapanga civil parish, pamwamba pake pali barony, kenako county, imene ili ngati boma kwathu kuno.

Pali misampha itatu pano. Woyamba: civil parish si parishi ya Katolika. Ya Katolika nthawi zambiri imakhala yaikulu ndipo imatha kukhala ndi dzina lina, pamene zikalata za malo zimatsata civil parish ndi barony. Wachiwiri: mayina amabwerezedwa. Newtown, Kilmore ndi Glebe alipo ambirimbiri, nthawi zina awiri mu county imodzi. Wachitatu ndi kalembedwe. Mayina ambiri ndi a chilankhulo cha Irish ndipo ankalembedwa ndi makalaliki olankhula Chingerezi, aliyense monga anamvera. Tsamba la logainm.ie limaonetsa dzina la Irish ndi makalembedwe akale, ndipo townlands.ie imakupatsani parishi, barony ndi ma townland oyandikana nawo. Oyandikanawo alembeni onse. Mabanja ankasamuka mtunda waufupi, kawirikawiri osatuluka m'malo a mwini yemweyo.

3. Tsegulani Griffith's Valuation, muwerenge danga limene ambiri amalidumpha

Pakati pa 1847 ndi 1864 boma linayeza mtengo wa munda ndi nyumba iliyonse kuti lidziwe msonkho wosamalira osauka. Ntchitoyi inatsogoleredwa ndi Richard Griffith, n'chifukwa chake imatchedwa dzina lake. Ili pa askaboutireland.ie kwaulere. Musakhutire ndi mndandanda wotayipa, tsegulani tsamba lenileni losindikizidwa.

Mzere uliwonse uli ndi nambala ya pa mapu, dzina la wokhala pamalopo, dzina la amene amamulipira lendi, mtundu wa katundu, kukula kwa malo, ndi mtengo wake pachaka. Ambiri akaona dzina la kholo lawo amakondwa n'kutseka. Danga lofunika kwa ife ndi lotsatiralo, lolembedwa Immediate Lessors. Dzina limene lili mmenemo ndilo kiyi wa zonse zimene zatsala.

Kukula kwa malo kumalembedwa A. R. P. Ekala imodzi ndi ma rood 4, rood imodzi ndi ma perch 40. Ndalama ndi mapaundi, mashiling'i ndi mapeni: mashiling'i 20 pa paundi, mapeni 12 pa shiling'i. Mtengo wolembedwawo si lendi imene munthu ankalipira, ndi chiyerekezo cha boma chabe. Pomwe pali anthu awiri a dzina limodzi mu townland imodzi, oyezawo ankawonjezera kadzina kena pambali, kawirikawiri ka bambo wa munthuyo. Kadzina kameneko kakhoza kukupatsani m'badwo wathunthu, musakataye. Kumbukiraninso kuti bukuli limatchula mutu wa banja wokha, ndipo county iliyonse inasindikizidwa chaka chake.

4. Yendani kutsogolo, kenako kumbuyo

Griffith atamaliza, ofesi yoyeza malo inapitiriza kukonza mabukuwo pamanja. Dzina lakale ankalikhwatcha n'kulemba latsopano ndi inki ya mtundu wina, chaka chake pambali. Mabuku amenewa amatchedwa revision books kapena cancelled books. A ma county asanu ndi limodzi a kumpoto, a Northern Ireland, ali pa tsamba la PRONI, nyumba yosungira zikalata zakale ya ku Belfast, kuyambira 1864 mpaka 1933. A ma county otsalawo, a Republic of Ireland, ali m'manja mwa Tailte Éireann, bungwe limene mu 2023 linaphatikiza maofesi a malo. Dzina likasintha kuchoka kwa bambo kupita kwa mkazi wamasiye kapena mwana, mwapeza nthawi yoti mufufuzire imfa.

Kumbuyo kuli Tithe Applotment Books, a pakati pa 1823 ndi 1837. Amenewa analembedwa pofuna kutolera chakhumi cha Church of Ireland, chimene ngakhale Akatolika ankakakamizidwa kupereka. Aganyu opanda munda ndi anthu a m'matauni mulibemo. Chenjerani ndi muyeso: mabuku ambiri akale amagwiritsa ntchito ekala ya Irish, imene ndi pafupifupi maekala 1.62 a masiku ano. Munda wa maekala 10 mu 1830 ukaoneka 16 mwa Griffith, sunakule, ndi womwewo.

5. Kuchoka pa wolandira lendi kufika pa mwini weniweni, ndi kumene kuli mabuku ake

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, ndipo malangizo ambiri amangoti pezani mabuku a esiteti ngati kuti n'chinthu chongotola.

Mawu akuti immediate ali ndi tanthauzo. Munthu amene ali m'dangalo ndi amene ankalandira lendi kuchokera m'manja mwa kholo lanu, koma mwina sanali mwini malo. M'zaka za m'ma 1700 eni malo akuluakulu, ena okhala ku England, ankabwereketsa malo aakulu kwa munthu mmodzi pa lizi yaitali. Iyeyo ankawagawa kwa alimi pa lendi yokwera, alimiwo n'kugawiranso aganyu kanyumba ndi kamunda ka mbatata. Munthu wapakatiyu amatchedwa middleman. Makwererowa amatha kukhala ndi masitepe atatu kapena anayi, ndipo mabuku amene anapulumuka nthawi zambiri ndi a wapamwamba.

Chitani motere. Tengani dzina la wolandira lendiyo, mulifufuze m'tsamba lomwelo la Griffith, koma m'danga la okhala pamalo. Mukalipeza, onani kuti iyeyo ankalipira kwa yani. Bwerezani mpaka mufike pa dzina limene likubwerabwera m'ma townland ambiri a parishiyo, kapena pa mawu akuti In fee, otanthauza kuti wokhalapoyo ndiye mwini. Mukaona In Chancery, malowo anali m'manja mwa khoti. Mukaona Reps. of, mwiniwake anamwalira ndipo oyang'anira chuma chamasiye ndiwo ankatolera.

Mwapeza mwini, koma ntchito sinathe, chifukwa mabuku ake akhoza kusungidwa pansi pa mayina atatu osiyana: dzina laulemu, dzina la banja, kapena dzina la nyumba. Duke of Devonshire ndi a banja la Cavendish, ndipo zikalata zawo za ku Waterford ndi Cork zimadziwika ndi dzina la Lismore Castle. Marquess of Downshire ndi a banja la Hill. Viscount Palmerston, amene anali ndi malo ku Sligo, anali wa banja la Temple. Esiteti inkathanso kupita ku banja lina kudzera mu ukwati, mabuku akale n'kutsatira dzina latsopano. Tsamba la landedestates.ie, lokonzedwa ndi University of Galway, limafotokoza mabanja ndi maukwati oterewa ndi kumene kuli zikalata zawo, makamaka kwa zigawo za Connacht kumadzulo ndi Munster kummwera.

Kenako funsani nyumba zosungira zikalata, imodziimodzi, ndi mayina onse atatu aja. National Library of Ireland ku Kildare Street ili ndi zambiri, ndipo mlozera wake wa Sources umatchulanso zosungidwa kwina. National Archives of Ireland ili ku Bishop Street mu Dublin. PRONI musaisiye poganiza kuti ndi ya kumpoto kokha. Zikalata zimatsata mwini, sizitsata munda: a Downshire anali ndi malo ku Blessington mu Wicklow ndi ku Edenderry mu Offaly, koma mabuku awo ali ku Belfast, monganso a esiteti ya Kenmare ya ku Kerry. Zikalata za Palmerston zili ku University of Southampton. Zina za Fitzwilliam, mwini Coolattin ku Wicklow, zili ku Dublin, zina ku Sheffield. Pa zonse za ku Britain gwiritsani ntchito mlozera wa Discovery wa National Archives ya ku Kew. Mwini malo sankakhala munthu nthawi zonse: Trinity College Dublin inali ndi malo aakulu ku Kerry ndi ku Donegal, ndipo makampani a ku London, monga Drapers ndi Fishmongers, anali ndi zigawo za County Londonderry.

Ndikuuzeni zoona, maesiteti ang'onoang'ono ambiri sanasiye kalikonse, ndipo nyumba zambiri za eni malo zinatenthedwa pakati pa 1919 ndi 1923. Zikatero pali khomo lina. Njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852 inasiya eni malo ambiri m'ngongole, ndipo mu 1849 boma linakhazikitsa Encumbered Estates Court kuti izigulitsa maesiteti otere. Mu 1858 inalowedwa m'malo ndi Landed Estates Court. Asanagulitse ankasindikiza kabuku ka ogula, kotchula tenanti aliyense, maekala ake, lendi yake, mtundu wa mgwirizano wake, ndi mapu. Timabukuti, ta pakati pa 1850 ndi 1885, tili ku National Archives ya ku Dublin ndiponso pa tsamba la Findmypast. Mwini amene mwamupeza mwa Griffith akakhala kuti anagula malowo posachedwa, mabuku akale afuneni pa dzina la wogulitsa.

6. Werengani mabuku a esiteti monga ankaganizira kalaliki

Mudzapeza mabuku a lendi, mabuku a malizi, mapu, mabuku a malipiro a antchito, makalata a agent, amene anali ngati manijala wa esiteti, zidziwitso zothamangitsa matenanti, ndi madandaulo olembedwa ndi matenanti eni ake. Pafupifupi onsewa anasanjidwa motsata townland, mlozera wa mayina mulibe. N'chifukwa chake ndinalimbikira pa sitepe 2.

Lendi inkalipiridwa kawiri pachaka, pa masiku otchedwa gale days, kawirikawiri 1 Meyi ndi 1 Novembala, kwina 25 Malichi ndi 29 Sepitembala. Pitani msanga ku danga lomaliza, la Observations. Mmenemo ndimo agent ankalemba kuti uyu wamwalira, uyu wapita ku America, uyu munda waupereka kwa mkamwini. Tenant at will ndi munthu wopanda lizi, wokhoza kuchotsedwa mwini akafuna. Dzina likatsatidwa ndi mawu akuti and partners, ndiye kuti mabanja angapo ankalima malowo pamodzi ndipo mmodzi yekha ndiye analembedwa, zimene zinali zofala kumadzulo.

Cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri n'kuganiza kuti munthu anali moyo chifukwa dzina lake likuonekabe m'buku. Kalaliki ankatha kusunga dzina la wakufa zaka zambiri malinga ngati lizi inali m'dzina lake ndipo lendi ikubwera.

Ngati kholo lanu linali pansi pa middleman, m'buku la lendi la mwini wamkulu silidzaoneka. Funani chaka chimene lizi ya middleman inatha. Pamenepo eni malo ambiri ankatumiza woyeza kuti akalembe aliyense wokhala pamalopo, ndipo mndandanda wotere umatulutsa mayina a anthu amene sanalembedwepo kwina kulikonse.

Mabuku a nthawi ya njala amawawa kuwerenga, koma ndiwo olemera kwambiri. Lamulo linkati msonkho wa osauka pa munda wa mtengo wa mapaundi 4 kapena kuchepera apo alipire ndi mwini malo, choncho ena anaona kuti kulipirira matenanti sitima n'kotchipa kusiyana n'kuwasunga. Esiteti ya Coolattin inatumiza anthu pafupifupi 6,000 ku Canada pakati pa 1847 ndi 1856, ndipo mabuku ake amatchula mabanja athunthu, zaka za aliyense ndi townland yawo. Ku Strokestown mu Roscommon, Major Denis Mahon anatumiza anthu 1,490 ku Quebec mu 1847. Ambiri anafera panyanja kapena atangofika, ndipo iyeyo anawomberedwa mu Novembala chaka chomwecho. Ndinawerengapo mndandanda wotere tsiku lathunthu, mayina a ana a zaka ziwiri ndi zitatu, ndipo sindinauiwale.

7. Lowani mu Registry of Deeds kudzera pa khomo la malo

Ofesiyi inatsegulidwa mu 1708, nthawi imene malo ambiri anali atangolandidwa kwa Akatolika, ndipo eni atsopano ankafuna umboni wolimba. Kulembetsa sikunali kokakamiza, koma chikalata cholembetsedwa chinkapambana chosalembetsedwa pa mlandu. Chikalata chenichenicho chinkabwerera kwa mwini. Chimene chinkatsala ndi memorial, chidule chake chosainidwa pamaso pa mboni, chimene makalaliki ankachikopera m'mabuku aakulu. Mabuku amenewa ndi milozera yake, kuyambira 1708 mpaka 1929, ali pa tsamba la FamilySearch, ndipo akaunti yake ndi yaulere. Za kumpoto za chaka cha 1923 chisanafike zilinso momwemo.

Dziwani kaye amene mulibe. Lizi yosapitirira zaka 21 kawirikawiri sinkalembetsedwa. Lamulo la 1704 linaletsa Akatolika kugula malo kapena kutenga lizi yopitirira zaka 31, ndipo linayamba kumasuka mu 1778 ndi 1782. Choncho m'zaka zoyambirira mudzapeza makamaka eni malo, amalonda ndi alimi opeza bwino. Komabe mlimi wamng'ono amalowamo chozemba: ngati mboni, ngati mwini munda wa m'malire, kapena pamene chikalata chikuti malo awa panopa ali m'manja mwa uje ndi uje.

Milozera ilipo iwiri. Wa mayina umatsata wopereka malo yekha, amene amatchedwa grantor. Wolandira, grantee, alibe mlozera wakewake, ndipo kholo lanu likakhalamo nthawi zambiri ndilo wolandira. Komanso chaka cha 1833 chisanafike mlozerawu sutchula n'komwe malo. N'chifukwa chake amene amayamba ndi dzina la banja lawo amabwerako chimanjamanja n'kunena kuti mulibe kanthu.

Yambani ndi Registry of Deeds Index Project, ntchito ya anthu odzipereka amene amalemba mayina onse a mu memorial, mboni zomwe. Sinathe, kotero kusapezamo dzina sikutanthauza kanthu. Kenako tsegulani mlozera wa malo. Sankhani county ndi zaka. Ma townland anaikidwa pansi pa chilembo choyamba chokha, osati motsata alifabeti yonse, ndiye ngati yanu iyamba ndi Bally, Kil kapena Knock, konzekerani kuwerenga masamba ambiri mzere ndi mzere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira 1828 anagawidwanso motsata barony, zimene zimapeputsa ntchito. Mizinda ikuluikulu ili ndi magawo akeake.

Mukapeza townland yanu, koperani manambala atatu: buku, tsamba, ndi nambala ya memorial. Kuyambira 1833 amakhala chaka, buku ndi nambala. Pa FamilySearch nambala ya chithunzi si nambala ya tsamba, choncho dumphani mpaka muone nambala yolembedwa pamanja pamwamba pa tsamba, ndipo mutsimikize ndi ya memorial ya m'mphepete. Fufuzani makalembedwe onse amene munasonkhanitsa aja, pakuti zikalata zimakonda kutchula malo ndi mayina awiri olumikizidwa ndi mawu akuti otherwise. Chikalata chinkathanso kulembetsedwa patapita zaka chisainidwireni, ndiye musaime pa chaka chimene mukuchiganizira. Mukatero, bwererani ku mlozera wa mayina ndi dzina la mwini malo ndi la middleman, muwerenge malizi amene anapereka m'zaka zimenezo.

8. Lizi ya miyoyo itatu ndi mgwirizano wa ukwati

Zikalata ziwirizi ndizo zimabweza thukuta lanu lonse. Lease for three lives ndi lizi imene siwerengedwa ndi zaka: imatha pamene anthu atatu otchulidwa mayina onse amwalira. Tenanti wanzeru ankatchula ana aang'ono kuti liziyo italike, ndipo chikalata chimatha kunena kuti uyu ndi mwana wamwamuna wachiwiri wa uje, wa zaka pafupifupi zakuti. Uwu ndi umboni wa ubale ndi chaka chobadwa, m'nthawi imene maparishi ambiri analibe buku la ubatizo. Koma musaganize kuti onse atatu ndi abale. Ankatchulanso ana a oyandikana nawo, ana a mwini malo, ngakhale a banja lachifumu la ku Britain, chifukwa imfa ya otere aliyense ankaimva. Malizi ena ankaloleza kuika dzina latsopano mmodzi akamwalira, polipira ndalama, ndipo zikalata zowonjezerazo zimabwereza mbiri yonse, mibadwo itatu pa tsamba limodzi.

Lizi ya miyoyo inkapatsanso munthu voti ngati phindu la malowo linafika mashiling'i 40 pachaka, ndipo Akatolika analoledwa kuvota mu 1793. Eni malo ofuna mavoti anapereka malizi otere kwa alimi ang'onoang'ono ambiri mpaka 1829, pamene malire anakwezedwa kufika mapaundi 10. Makaundula a ovotawa, otchedwa freeholders' registers, amatchula townland ndi mwini malo, ndipo ena amatchulanso miyoyo ija. A kumpoto ali pa tsamba la PRONI.

Ife amene tinazolowera kulondola mtundu kuchikazi tiyenera kusintha kaganizidwe pano, chifukwa mabuku a malo a ku Ireland amayenda kuchimuna. Mkazi amaoneka mochedwa, nthawi zambiri ngati Widow ndi dzina la mwamuna wake. Marriage settlement, mgwirizano wa chuma wa pa ukwati, ndi pamene amaoneka bwino: imatchula bambo wake, chuma chimene anabwera nacho, ndi matrastii, amene kawirikawiri anali alongo ake, amalume kapena alamu. Lembani dzina lililonse la m'chikalata chotere.

9. Tsimikizani, kenako pitani

Dzina lofanana mu townland yofanana si umboni wokwanira, chifukwa asuweni ankapatsidwa mayina omwewo. Funani zinthu ziwiri zosadalirana zimene zikugwirizana, monga kukula kwa munda ndi dzina la wolowa m'malo. Pa zikalata za chaka cha 1752 chisanafike, chaka chinkayamba pa 25 Malichi, kotero Febuluwale 1740 wa m'chikalata ndi Febuluwale 1741 kwa ife. Paundi ya ku Ireland inalinso yosiyana pang'ono ndi ya ku Britain mpaka 1826. Pa chilichonse chimene mwakopera lembani nyumba imene chasungidwa, nambala yake ndi tsamba, ngakhale pamene simunapeze kanthu, kuti musadzawerenge kawiri masamba a Bally aja.

Musanakwere basi ya ku Dublin kapena Belfast, lemberani nyumba yosungira zikalatayo ndi nambala yeniyeni ya chimene mukufuna. Zina zimasungidwa kutali ndipo zimafunika kuitanitsiratu. Tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi kuti akupatseni tikiti yowerengera, ndi pensulo, poti cholembera cha inki salola. Muli kutali, ku Lilongwe kapena ku Lusaka, sitepe 1 mpaka 3, mabuku a chakhumi, ndi Registry of Deeds yonse mungazichite pa kompyuta, ndipo nyumba zambiri zimajambula masamba n'kutumiza mukalipira.

Mukafuna kukaona malowo, bwererani pa askaboutireland.ie ndi nambala ya pa mapu ija ya mwa Griffith. Tsambali limalola kuika mapu akale pamwamba pa a lero. Mapu ena anakonzedwa patapita zaka, choncho nambala zikasemphana yerekezerani ndi maekala ndi mayina a oyandikana nawo. Mukafika, gogodani kaye kwa mlimi amene ali pamalopo lero musanatsegule geti, ndipo mumuonetse mapuwo. Minda yambiri kumeneko ili ndi mayina osalembedwa paliponse, ena otengera banja limene linachoka kalekale, ndiye mufunseni kuti munda umenewo amautcha chiyani.